Zilembo Zotupa za Malemu Hosea

Chimene Boniface Zimba anayamba kuchiona pa ofesi paja sichinali choopsa ayi, chinali chongopsetsa mtima. Anafika m'mawa wina mwezi wa Okutobala, chaka cha 1997, malaya atanyowa kale ndi thukuta ngakhale dzuwa linali lisanakwere, nayatsa kompyuta, n'kupeza zilembo zonse pa sikirini zatupa. Dzulo lake anazisiya zazing'ono bwinobwino, mizere yonse ya ntchito yake ikuoneka kuchokera kumanzere mpaka kumanja. Lero chilembo chimodzi chinali ngati chala chachikulu cha kuphazi, ndipo theka la ntchitoyo linali litathawira kunja kwa galasi.

Ofesiyo inali ya kabungwe kena kolemba madandaulo a alimi a kuchigwa, aja amene njovu zimawathera chimanga ku Chifunda ndi midzi yozungulira. Tizipinda titatu kuseri kwa boma la Chama, denga la malata, ndi kompyuta imodzi yokha basi. Inali kalaputopu kamene mzungu wina anakasiya galasi lake litafa, ndiye anakalumikiza ndi chingwe ku chimonita chachikulu chakale, cholemera ngati thumba la chimanga. Moto unkachokera ku mabatire a sola. Boniface anachita kutumizidwa kuchokera ku Kabwe kudzalowa m'malo mwa Hosea Goma, amene malungo anamutenga mwezi wa Ogasiti.

Paja amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Tsiku loyamba limene anafika pa Chama, mnyamata wa m'tauniyu anapeza zilembo zili zikuluzikulu chomwecho, naseka mpaka kugwira m'mimba. Mayi Damaris Ng'uni, wotayipa wachikulire amene anagwira ntchito ndi malemu zaka zambiri, anamuuza motsitsa mawu kuti zimenezo ndi zilembo za a Hosea. Maso a malemuwo ankavuta, ndipo pa boma panalibe amene sankadziwa. Boniface anati malemu awuse mumtendere, koma ntchito singayende munthu akuona mizere isanu yokha. Anatsegula pamene amasinthira kukula kwa chithunzi, nachotsa pa 640 ndi 480 n'kuika pa 1024 ndi 768, kenaka anapotokola timabatani ta pansi pa monita mpaka chithunzi chinadzaza galasi lonse popanda mphepete yakuda. Mayi Damaris anayang'ana nthawi yaitali, nati zaoneka bwino, n'kupita kukasesa pakhonde pamene panali posesa kale.

Ndiye m'mawa uja atapeza zilembo zatupanso, anangozibwezera, akumatukwana chamumtima. Mawa lake zinatupanso. Apa mnyamata anavula wotchi n'kuyamba ntchito yeniyeni. Anazula chingwe cha monita, nauzira fumbi, nawongola ndi nsonga ya mpeni kawaya kamodzi kamene kanapindika kumutu kwake. Anayesa kuyatsa monita poyamba laputopu pambuyo, anayesanso mosemphanitsa. Anafufuza m'kabati kadisiki ka pulogalamu yoyendetsa monita n'kuilowetsanso mwatsopano. Anapita ku positi ofesi kukaimbira foni mnzake wa ku Lusaka, ndipo mnzakeyo anangomuuza kuti kompyuta sisintha yokha, alipo amene akuigwira. Koma ndani? Kiyi inali m'thumba mwake, ndipo inzake anthu ankati inasowa pamodzi ndi malemu. China chimene chinamusokoneza mutu n'chakuti mabatire amene ankawasiya odzaza madzulo, m'mawa ankawapeza atafooka.

Anafunsa mayi Damaris, iwo anangopukusa mutu. Masiku amenewo ankati akakhala pa kompyuta pang'ono chabe n'kumadandaula mutu, n'kusamukira pa tayipi yakale ya pakona. Boniface ankaganiza kuti ndi chisoni cha mnzawo, ndipo sankawakakamiza.

Amene anabweretsa mantha ndi mlonda, mdala Meshack. Lolemba lina Boniface anamupeza atakhala kutali ndi ofesi, pansi pa mtengo wa mango wa kumsewu, nyali yake ili pakati pa miyendo ngakhale kunali kutayera. Mdalayo anamukokera pambali ngati pali wina womvetsera.

“Abwana, muja muli munthu,” ananong'ona. “Anthu atangozimitsa nyali m'makomo, chinayamba kulira. Osati kulira kwa munthu ayi. Kwa udzudzu, koma udzudzu waukulu, wolowa m'mano. Manje chitasiya ndinamva kakaka, kakaka, pang'onopang'ono. Ndi mmene ankalembera a Hosea.”

Boniface anaseka, koma kuseka kwake kunathera pakhosi atayatsa kompyuta. Monita inalira ndithu tswiii, kulira koonda kopweteka m'makutu, ndipo pa galasi panalibe chilembo chilichonse, koma mizere yopendekeka yothamangira m'mwamba. Iye anadziwa tanthauzo lake: wina anasankha kukula kwa chithunzi kumene chimonita chakalecho sichingakwanitse. Anavutika m'mawa wonse kuti achibwezere. Atachibwezera anapeza chinthu chimene chinamuimitsa tsitsi. Madandaulo a ku Chifunda amene malemu anawasiya osatha kulemba anali atapita patsogolo masamba angapo, olembedwa bwino, opanda cholakwika.

Inu, anthu a pa Chama musawapatse nkhani m'mawa poganiza kuti ifika madzulo ili chimodzimodzi. Pofika masana ku msika, Hosea anali akubwera usiku uliwonse kudzamaliza ntchito yake. Pofika ku chigayo, anali akubwera atavala malaya ake abuluu aja. Ndipo mphekesera ikayenda imafuna khomo logogoda. Inakagogoda pa khomo la Tisiyenji, mkazi wa malemu.

Tisiyenji anali atakana mwambo woyeretsa mkazi wamasiye, uja wakuti mbale wa malemu alowe m'nyumba mwake usiku umodzi kuti mzimu wa mwamuna umusiye. Anati iye ndi wa mpingo, ndipo akuluakulu a ku Tembwe, kwawo kwa Hosea, anangong'ung'udza n'kumusiya. Koma panali chifukwa china chimene aliyense ankachidziwa popanda wochitchula. Mbale amene anasankhidwa anali Adam, mkulu wake wa Hosea, amene mkazi wake anamwalira chaka chatha atadwala nthawi yaitali, ndipo mwini wakeyo malaya anali atayamba kumukulira. Tsopano atamva za ofesi, Adam anapalasa njinga kuchokera ku Tembwe ndi akuluakulu awiri. Anati mng'ono wake akuyendayenda chifukwa cha mkazi wamwano, ndipo Loweruka mwambo uchitike, apo ayi ana atengedwa.

Tisiyenji anabwera ku ofesi dzuwa litapendeka, mwana wamng'ono ali kumbuyo, mpango wakuda kumutu. Sanalowe m'kati. Anagwada pakhonde, nafunsa Boniface ngati n'zoona kuti makinawo akusintha okha. Boniface anafuna kunama, koma mdala Meshack anali chiimire pomwepo, ndiye anavomera kuti n'zoona, kungoti chifukwa chake sanachipeze.

“Chipezeni, a Zimba,” anatero Tisiyenji, maso ali pansi. “Ana anga sindingawapereke. Mukalephera, Loweruka ndidzatsegula chitseko, ndipo inu mudziwa chimene chidzalowe.”

Mawu amenewo anamulasa mnyamata mumtima. Mayi Damaris, amene anali m'kati, anasiya kutayipa, ndipo sanayambenso mpaka nthawi yoweruka.

Madzulo ake Boniface anaganiza zanzeru. Anazula chingwe cha monita, nachipinda, n'kupita nacho kunyumba, nagona nacho pansi pa pilo ngati chuma. Anati tione mzimu umene ungalembe popanda chingwe. M'mawa anapeza mdala Meshack atathawira pakhonde la sitolo ya kutsidya kwa msewu. Mdalayo anati usiku analimba mtima n'kukasuzumira pa zenera. Anaona chinthu chitakhala pa mpando wa Hosea, chili ndi mapewa ndi msana ngati munthu, koma mutu chinalibe. Pamene pakanakhala mutu panali chithumba chachikulu chowala mobiriwira kuchokera m'kati, chikupuma. Boniface anatsegula chitseko n'kulowa. Kumbuyo kwa monita kunali chingwe china, chotuwa, chomangidwa ndi kansalu kofiira pakati. Meshack atachiona anagwira pakamwa, nati chimenecho ndi chingwe chapadera cha a Hosea, chimene anthu anachifunafuna atamwalira osachipeza. Zilembo zinali zitatupanso.

Apa Boniface anachita mantha enieni, tisabise. Anali mwana wa sukulu, wodziwa za mawaya, koma analinso mwana wa munthu, woleredwa ndi nkhani zomwezi. Tsiku lonse ankati akayang'ana galasi lozimitsidwa n'kuona nkhope yake yomwe, ankatembenukira kumbali. Komabe nkhope ya Tisiyenji atagwada pakhonde inamukaniza kugona. Lachinayi poweruka anatsanzika mokweza kuti aliyense amve, nakhoma chitseko, nazungulira kumsika, kenaka kutachita mdima anabwerera n'kudzitsekera m'kati. Anakhala pansi kuseri kwa kabati ya mafayilo, tochi ili m'manja.

Mdima wa m'chipindamo unali wotentha, wonunkha mapepala akale ndi ndowe za mileme. Malata ankalira tha, tha, pozizira. Kunja nkhululu zinkasokosera, wailesi ya munthu wina inkaimba patali kenaka inazimitsidwa, agalu a ku mayadi anauwa n'kutopa. Miyendo yake inachita dzanzi. Anayamba kudziona ngati chitsiru, ndipo anali pafupi kudzuka pamene anamva kachitsulo kakukanda loko, osati wa kutsogolo ayi, koma wa kachitseko ka kumbuyo kodzera m'chipinda chosungira katundu, kamene iye ankayesa kuti kanakhomedwa ndi misomali.

Chitseko chinalira pang'ono. Panamveka mapazi opanda nsapato, oyenda mokhwekhwereza, ndi dzanja lopapasa khoma. Chinthucho sichinayatse nyali. Chinafika pa tebulo, mpando unalira, nsalu inapukutika m'mwamba, kenaka batani linati tha. Pang'onopang'ono kuwala kunabadwa m'kati mwa mdima, ndipo Boniface anaona ndi maso ake zimene mdala Meshack ananena: mapewa, msana wowerama, ndi chithumba chowala m'malo mwa mutu. Anamva mawusi ikukhwekhwerezedwa, ikudinidwa, ikudinidwanso. Mwadzidzidzi monita inalira tswiii, kuwala kuja kunayamba kuphethira, ndipo pansi pa nsalu panatuluka mawu a munthu wotopa.

“Mayo ine, ndaphonyanso.”

Mzimu sulankhula choncho. Boniface anayatsa tochi. Chithumba chija chinali chitenje cha maluwa, chofunditsidwa pamwamba pa monita ndi pamutu pa munthu kuti kuwala kusaonekere kumsewu. Anachikoka pang'ono. Pansi pake panali mayi Damaris, mphuno itatsala pang'ono kugunda galasi, ndipo kuwala kwa tochi kutagwera m'maso mwawo, iye anaona kwa nthawi yoyamba kamtambo koyera pakati pa diso lililonse.

Sanakuwe. Anangotsitsa manja pamiyendo n'kuyamba kulira mwakachetechete. Nkhani anaifotokoza modukizadukiza. Ng'ala inawayamba zaka zitatu zapitazo. Hosea ndiye anazindikira, ataona kuti akulakwitsa mawu amene kale sankalakwitsa. Akuluakulu a bungwe akanamva akanawapumitsa ntchito, pamene kunyumba kunali adzukulu anayi amasiye oyang'ana m'manja mwawo. Ndiye Hosea anakulitsa zilembo n'kulengeza pa boma ponse kuti maso ake ndi amene akuvuta. Anawapatsa kiyi ya kumbuyo ndi chingwe chapadera kuti azisunga. Boniface atachepetsa zilembo, iwo pa galasi ankangoona nyerere. Ndiye ankabwera kukada kudzalemba gawo lawo la ntchito. Posinthira pake anachita kuloweza poonera Hosea, kuti udina apa, kenaka apa, kenaka kukokera kumanzere. Koma pobwezera ku zilembo zazing'ono ankangopapasa. Nthawi zina ankadina polakwika chimonita n'kuyamba kulira, nthawi zina ankalephera n'kuthawa zili chomwecho.

“Za amake Purity ndinamva ndili pa tayipi paja,” anatero, kutanthauza Tisiyenji. “Sindinadye kuyambira tsiku lija, mwananga. Ndimati ndimalize za ku Chifunda lero, mawa ndikaulule kwa a Adam. Ntchito ithe, bola mwana wa eni asafe chifukwa cha ine.”

Boniface anakhala pansi pomwepo, mkwiyo ndi chisoni zikulimbana m'chifuwa. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Akaulula, mayi wokalambayu ndi adzukulu ake agona ndi njala. Akabisa, Loweruka chitseko cha Tisiyenji chitsegulidwa. Anazimitsa monita yolirayo, naiyatsanso, ndipo poti njira yake anali ataidziwa tsopano, anaika zilembo zikuluzikulu zija, napotokola timabatani mpaka zinakhala pakati bwino. Kenaka anawafunsa ngati akuona. Anati akuona. Anawauza kuti amalize tsamba lawo, iye awaperekeza kunyumba, koma chitenjecho amusiyire.

Loweruka m'mawa, Adam ndi akuluakulu aja asanafike kwa Tisiyenji, Boniface anakawachingamira pa msewu n'kuwapempha kuti adzere ku ofesi akaone mzimu wa mbale wawo. Anabwera, ndipo theka la msika linawatsatira. Tisiyenji anaima kumbuyo kwa gulu ndi ana ake. Mayi Damaris anali pakona, atagwira m'mphepete mwa tebulo, okonzeka kulankhula. Boniface sanawapatse mpata. Anatseka mazenera, nakhala pa mpando, nadzifunditsa chitenje pamodzi ndi monita, n'kuyatsa. Mdala Meshack anabwerera m'mbuyo mpaka kuponda munthu, nati ndi chomwecho, ndi chomwecho ndithu. Boniface anasankha dala kukula kolakwika, chimonita chinalira, amayi ena anathawira panja. Kenaka anavula chitenje, naimirira, natsokomola pang'ono, akutikita diso lakumanzere ndi chala chachikulu.

“Akuluakulu, mundikhululukire,” anatero. “Maso angawa ndi okongola chabe, m'kati anatha kale. Ndinachita manyazi kunena. Mukaona zilembo zazikulu apa, musafunse wina, ndi zanga.”

Anawonjeza kuti ankabwera kukada kuti anthu asamuone akununkhiza galasi, ndipo chingwe anachipeza kuseri kwa kabati. Wina anaphulika kuseka, ndipo chipinda chonse chinatsatira. Mnyamata wa ku Kabwe, wa sukulu zake, wosekera malemu zilembo, kani nayenso ndi wakhungu, mpaka kufunda chitenje cha amayi! Mdala Meshack anamutukwana mu Chisenga chifukwa chomugoneka pakhonde la sitolo. Mmodzi wa akuluakulu a ku Tembwe anapukusa mutu, nauza Adam kuti iye sanasiye munda wake kudzathamangitsa mzimu wovala wotchi. Adam sanavomere kanthu, koma analibenso poimira. Anakankha njinga yake mpaka kumsewu, natsokomola nthawi yaitali asanakwere, ndipo Boniface anamumvera chisoni nayenso.

Anthu atabalalika, mayi Damaris anakhala pa kompyuta masana dzuwa likuswa mtengo, kwa nthawi yoyamba osadandaula mutu chifikireni Boniface, ndipo kakaka wawo anayamba kumveka. Boniface anatuluka pakhonde kuti apume. Tisiyenji anali akadali pomwepo. Sanathokoze msanga. Anamuyang'ana mnyamatayo kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ndipo nkhope yake sinali ya munthu wongosangalala.

“Malemu ankalowetsa ulusi pa singano kutada, popanda nyali,” anatero motsitsa. “Bodza lawo ndinkalidziwa, ndipo ndinkadziwa amene ankawatchinjiriza. Manje ndifunse, a Zimba. Mawu aja anakuuzani ndi a Damaris?”

Boniface anati ayi, mayiwo anangomuuza kuti Hosea ananamizira maso ake, basi. Mawuwo anangobwera okha pakamwa ataimirira.

“Okongola chabe, m'kati anatha kale,” anabwereza Tisiyenji. “Ananena choncho m'nyumba mwathu, tili awiri, akuyeserera zokanena mawa kuntchito. Anatsokomola kaye. Ndipo ankatikita diso lomwelo, ndi chala chomwecho.”

Anakonza mwana kumbuyo, nagwira wamkulu padzanja, natsika pakhonde. Boniface anatsala chiimire, dzuwa likumuwotcha koma msana ukuzizira. Anayang'ana chala chake chachikulu, kenaka anachilowetsa m'thumba. Zilembo zija sanazichepetsenso mpaka tsiku limene anachoka pa Chama.